Sowo ya magetsi m'cipinda cophunziriramo ukalipentala

Sowo ya magetsi ndi makina oceka matabwa ndi mpeni wa mano umene umazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi. Ana athu amakumana nayo pa phunziro la Design and Technology m'masukulu monga Chizongwe Technical Secondary School, ndiponso ku Chipata Trades Training Institute. Ndi bwino kuti makolo ndi a m'makomiti a sukulu adziwe zoyenera kuyang'ana, pakuti cala cikaduka sicimeranso.

Mitundu yake

Yodziwika kwambiri ndi table saw, imene mpeni wake umatulukira pamwamba pa thebulo. Palinso band saw yoceka mokhota, ndi circular saw yogwira m'manja.

Ngozi zake

Ngozi yoyamba ndi dzanja kukhudza mpeni. Yaciwiri ndi thabwa kubwerera mwamphamvu kwa woceka. Izi zimacitika pamene thabwa lapana mpeni, ndipo mano a kumbuyo amalinyamula ndi kuliponya. Thabwa laliwisi, lopindika kapena lokhala ndi misomali limacita zimenezi kawirikawiri.

Yacitatu ndi ya kuthima kwa magetsi. ZESCO ikathimitsa magetsi sowo ili mkati moceka, ndipo palibe waithimitsa pa swichi, ingayambe yokha magetsi akabwera. Cifukwa cake makina afunika swichi yosalola kuti ayambe okha.

Zina zimabwera pang'onopang'ono. Phokoso lopitirira madesibelo 85 tsiku ndi tsiku limagonthetsa makutu. Fumbi la utuci wa mitengo yolimba monga mlombwa ndi mbawa limayambitsa mphumu, ndipo pakapita zaka lingabweretse khansa ya m'mphuno.

Malamulo osunga

1. Mwana asayatse sowo mphunzitsi palibe, ndipo pa makina pakhale munthu mmodzi cabe.
2. Cochinga ca pamwamba pa mpeni ndi kacitsulo ka kumbuyo kwake, kamene kamaletsa thabwa kupana, zisacotsedwe.
3. Mpeni ukwezedwe pang'ono cabe kupitirira thabwa.
4. Manja akhale kutali ndi mpeni masentimita 30. Kumapeto kwa thabwa, kankhirani ndi kamtengo.
5. Imani pambali, osati kumbuyo kwenikweni kwa thabwa.
6. Valani magalasi, zotseka m'makutu ndi cophimba kumphuno. Vulani tayi, wochi ndi magolovesi, pindani manja a malaya, ndipo mangani tsitsi lalitali.
7. Zulani pulagi musanasinthe mpeni, ndipo musatole zidutswa mpeni ukali kuzungulira.

Wina akavulala

Thimitsani makina, panikizani bala ndi nsalu yoyera, ndipo kwezani dzanja m'mwamba. Ngati cala caduka, cikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, ciikeni m'pulasitiki yomanga bwino, ndipo pulasitikiyo muiike m'madzi a ayezi. Calaco cisakhudze ayezi. Thamangirani naye ku Chipata Central Hospital kapena cipatala ca pafupi, osathira mankhwala a kumudzi pa bala.

Udindo wa akulu

Lamulo la Occupational Health and Safety Act limafuna kuti olemba anthu nchito asunge malo a nchito opanda ngozi, ndipo ana pa sukulu ayenera cisamaliro cosacepera pamenepo. Pa msonkhano wa PTA, funsani ngati sowo ili ndi zochinga zake, ngati bokosi la cithandizo coyamba lili ndi zonse, ndiponso amene amasunga makiyi a cipindaco.