Mbiri ya Mawu Ofufuzira m'Nkhokwe za Pakompyuta ndi Kalembedwe Kathu

Nyumba yosungira zolembedwa za boma ku Zomba inatsegulidwa mu 1947, ndipo kwa zaka zambiri munthu wofuna kalata yakale ankadalira kalaliki wodziŵa mashelefu. Akanena kuti akufuna nkhani za ku Thyolo, kalalikiyo ankadziŵa yekha kuti pa fayilo palembedwa Cholo. Akatchula Nsanje, ankamubweretsera za Port Herald. Kompyuta inabwera yopanda nzeru zoterezi. Imayerekeza malembo amene wofufuza watayipa ndi amene ali m'nkhokwe, ndipo akasiyana ndi lembo limodzi lokha imayankha kuti palibe kanthu. N'chifukwa chake luso lolemba mawu ofufuzira likukhudza ife olemba, akonzi ndi aphunzitsi.

Luso limeneli linayambira m'masamu, kompyuta kulibe. Mu 1854 George Boole, mphunzitsi wa masamu ku Queen's College mumzinda wa Cork, anasindikiza buku losonyeza kuti mfundo zingathe kulumikizidwa ndi kupatulidwa mwa malamulo, monga achitira manambala. Mu 1937 Claude Shannon anasonyeza kuti malamulowo angathe kugwira ntchito m'maswichi a magetsi. Apa ndi pamene panachokera alumikizi atatu amene nkhokwe zambiri zikugwiritsabe ntchito: AND, OR ndi NOT. Woyambayo amafuna kuti mawu onse apezeke m'chikalata chimodzi, wachitatu amachotsa zimene sitikuzifuna. Wachiŵiri ndiye amasokoneza ambiri, pakuti "kapena" wathu kaŵirikaŵiri amatanthauza kusankha chimodzi n'kusiya chinzake, pamene OR amatola chikalata chokhala ndi liwu loyamba, chokhala ndi lachiŵiri, ndiponso chokhala ndi onse aŵiri. Amene adzakhazikitse mawu a Chicheŵa a alumikiziŵa adzafunika kuiganizira bwino mfundo imeneyi.

Nkhokwe zofufuzidwa kudzera pa waya wa telefoni zinayamba kufala pamene MEDLINE, ya nkhani zachipatala, inatsegulidwa mu 1971, ndi DIALOG ya kampani ya Lockheed mu 1972. Malipiro ankaŵerengedwa potsata nthaŵi imene munthu wakhala ali pa waya, choncho ogwira ntchito m'malaibulale ankayamba alemba funso lonse papepala, kulikonza, kenaka n'kuimba. Chizoloŵezi chimenecho chinali chabwino, ndipo n'zachisoni kuti intaneti yachipha.

M'nyengo yomweyo munabadwa njira yodula liwu. Wofufuza amalemba chiyambi cha liwu n'kuika kanyenyezi, ndipo kompyuta imabweretsa mawu onse oyamba motero. Julie Beth Lovins mu 1968 ndi Martin Porter mu 1980 anakonza malamulo oti makina azichotsa okha mathero a mawu. Zonsezi zinapangidwira Chingerezi, chimene chimasintha mawu ake kumathero. Chicheŵa chimasintha kwambiri kuchiyambi: mudzi ndi midzi, dzina ndi maina, tsamba ndi masamba. Tsinde la mneni limabisala pakati pa aphatikiri, monga "lemb" mu analemba, sitidzalemba ndi zolembedwa. Mndandanda wa mawu wa m'kompyuta umasanjidwa kuyambira lembo loyamba, kotero kudula liwu kuchiyambi n'kolemetsa, ndipo nkhokwe zambiri sizilola n'komwe. Wofuna nkhani za msonkho ayenera kulemba yekha msonkho OR misonkho, apo ayi zina zimudutsa.

Vuto lalikulu koposa ndi mbiri ya kalembedwe kathu. Tiyambe ndi dzina la chiyankhulo chenichenicho. Dikishonale ya Johannes Rebmann, yosindikizidwa mu 1877, imachitcha Kiniassa. Ya David Clement Scott ya mu 1892 imati Mang'anja, ndipo Alexander Hetherwick ataikonzanso mu 1929 inatuluka ndi dzina la Nyanja. Galamala ya Mark Hanna Watkins ya mu 1937, imene anailemba ku Chicago mothandizidwa ndi Kamuzu Banda, imati Chichewa, dzina limene linakhazikitsidwa m'Malaŵi mu 1968. Ku Zambia amalemba Cinyanja, ndipo m'makatalogi a malaibulale ambiri akunja chiyankhulochi chimadziŵika ndi chizindikiro cha nya. Wotayipa Chicheŵa chokha sadzapeza mabuku ambiri a zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi zoyambirira.

Malembo nawo anayenda ulendo wawo. Buku Lopatulika lakale linkalemba c pamene ife timalemba ch, ndiponso bv ndi pf pamene lero pali v ndi f. Buku lomaliza la m'Baibulo limene timalitcha Chivumbulutso linali Cibvumbulutso. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Kukonza kulikonse kunali ndi zifukwa zake zomveka, koma palibe ndi kumodzi komwe kumene kunasintha zimene zinali zitasindikizidwa kale. Mau ndi mawu, mabvuto ndi mavuto, zonse zili m'nkhokwe imodzi, ndipo kwa kompyuta ndi mawu anayi osiyana.

Lembo la ŵ lili ndi mbiri yakeyake. Ndondomeko ya ASCII ya mu 1963 inali ndi malo 128 okha, ndipo ŵ munalibe. Anadzapeza malo mu Unicode, imene inayamba mu 1991. Mwayi wathu ndi wakuti Chiwelishi nachonso chimalemba lembo lomweli. Nkhokwe zina zimatenga ŵ ndi w ngati lembo limodzi, zina ayi, ndipo wofufuza sangadziŵe pokhapokha atayesa zonse ziŵiri. Makina oŵerenga masamba ojambulidwa, akakhala kuti anaphunzitsidwa Chingerezi chokha, amataya kadenga kaja kapena kuikapo chizindikiro china. Nkhodolero nayo imavutitsa: pali nkhokwe zimene zimaiona ngati malire a liwu, motero ng'ombe imasanduka "ng" ndi "ombe", ndipo m'mudzi amasungidwa ngati mudzi. Nthaŵi zina kutsekera liwu m'mitengero kumathandiza, popeza mitengero imauza kompyuta kuti isasiyanitse zimene zili m'katimo.

Makina a masiku ano, kuyambira Google imene inayamba mu 1998, amayesa kulota chimene munthu akufuna, ndipo m'Chingerezi amalota bwino ndithu. M'Chicheŵa sindingawadalire, makamaka pa zolembedwa zakale. Mphunzitsi wotuma ophunzira kukafufuza mbiri ya boma lawo ayambe wawalembetsa maina onse a malowo: Mangochi ndi Fort Johnston, Mchinji ndi Fort Manning, Chitipa ndi Fort Hill, Mulanje ndi Mlanje, Ntcheu ndi Ncheu. Akonzi osindikizanso buku lakale m'kalembedwe katsopano asunge mutu wake wakale pa tsamba loyamba, kuti olemba katalogi aloŵetse yonse iŵiri. Ndipo wofuna za mpunga wa ku Nkhotakota m'makalata a atsamunda alembe Nkhotakota OR "Kota Kota" OR Kotakota, ndipo liwu la mpunga aliike m'Chingerezi, pakuti mabwanamkubwa ndi ma DC ankalemba m'chiyankhulo chawo.