Tanthauzo la Mawu Akuti Kulambula

Mawu akuti kulambula, amene makolo athu ankawatchula potuma anyamata kukakonza njira ya kwa mfumu kapena ya kumanda, asasokonezedwe ndi kulima. Pakuti wolima atembenuza nthaka kuti abzalemo, pamene wolambula apala udzu ndi khasu kufikira dothi litaonekera poyera, kuti munthu adutse bwino, ndiponso kuti moto ukafika usowe chakudya.

Ntchito yachiwiriyi ndiyo iyenera kukumbukika m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene munthu woima pa Chichiri madzulo aona malawi alikukwawa pa mapiri a Soche ndi Ndirande, oyatsidwa kawirikawiri ndi osaka mbewa, chinkana Lamulo la Nkhalango la 1997 liletsa kutentha nkhalango zotetezedwa. Akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire. Chifukwa chake mwini nyumba wa m'tsinde mwa phiri, udzu usanaumitsitse, alambule mozungulira nyumba, khola ndi mpanda, nadule nthambi zogwa padenga, nachotse nkhuni zotsamira khoma.

Kusesa sikulambula ayi, ngakhale ambiri m'tauni muno amasesa pakhomo pokha, naunjika masamba ouma kuseri kwa mpanda wa udzu, kumene moto uyamba kufikira.