Tsiku lalitali si ndilo lotentha: mbiri ya dzuwa la Lusaka

Chaka chilichonse, pa 21 kapena 22 Disembala, Lusaka amakhala ndi usana wautali kuposa masiku onse. Dzuwa limatuluka cha m'ma 05:35 n'kukalowa cha m'ma 18:35, ndiye kuti kumawala maola 13 ndi timphindi tochepa. M'mabuku a sayansi ya zakuthambo, tsikuli ndilo chiyambi cha nyengo yotentha kum'mwera kwa dziko lapansi. Koma funsani mayi wogulitsa ndiwo ku msika wa Soweto kapena kondakitala wa minibasi ya ku Chelstone kuti mwezi wotentha ndi uti, onse adzakuuzani kuti ndi Okutobala. Ndipo akunena zoona. Zolembedwa za akatswiri a zanyengo zikugwirizana nawo: masana a Okutobala amapitirira madigiri 30, pomwe a Disembala ndi Januwale nthawi zambiri amathera pa 26 kapena 27.

Chimene chimasiyanitsa ndi mitambo. Mu Okutobala kumwamba kumakhala kuli mbee, nthaka itauma gwa kuchokera mu Meyi, moti mphamvu yonse ya dzuwa imathera pa kutenthetsa dothi, malata ndi phula. Mvula ikayamba mu Novembala, mitambo imatchinga dzuwa ndipo kutentha kwina kumathera pa kuumitsa chinyezi. Chilimwe cha Lusaka chimatha tsiku lalitali lisanafike. Disembala ndi dzinja.

Nyengoyi inali m'gulu la zifukwa zimene mzindawu unakhalira likulu. Lusaka anayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka sitima pa njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndipo anatenga dzina la mfumu ya Alenje, a Lusaaka. Likulu la Northern Rhodesia, lomwe lero ndi dziko la Zambia, linali ku Livingstone kuyambira 1911, koma atsamunda ankadandaula kuti kumeneko n'kumapeto kwa dziko, komanso n'kuchigwa kotentha. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mphepo imawomba momasuka. Pulofesa Stanley Adshead anajambula mapulani a mzinda wamitengo ndi minda yamaluwa mu 1931, ndipo boma linasamukirako mu 1935.

Mthunzi wa mapulaniwo sunagawidwe mofanana. Azungu anapatsidwa mayadi aakulu cha kumtunda, ku Ridgeway, kenaka ku Woodlands ndi Kabulonga, kumene mitengo ya jakaranda inabzalidwa m'mbali mwa misewu. Antchito achikuda anaikidwa ku Kabwata m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, ta chipinda chimodzi, timene tina tidakalipo ku Kabwata Cultural Village. Mpaka lero, munthu wochoka kumayadi masana a Okutobala n'kulowa m'komboni amamva m'thupi mwake kuti wasintha malo. Makina oyezera kutentha sadziwa zimenezi. Iwo amakhala m'kabokosi koyera koboolaboola, pamwamba pa kapinga, pamalo oyera ngati ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda limene linatsegulidwa mu 1967, kapena ku Mount Makulu ku Chilanga. Ndi mmene ziyenera kukhalira kuti chaka china chifanizidwe ndi chinzake, koma nambala imene imalengezedwa pa wailesi si imene mwana wogona m'nyumba yamalata yopanda siling'i amakumana nayo.

Nthambi ya boma yoona zanyengo, Zambia Meteorological Department, inakhazikitsidwa mu 1967, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa unduna wa Green Economy and Environment. Ntchito yake ndi yosaoneka: kuwerenga mvula m'mawa uliwonse, kulemba kutentha kwa pamwamba ndi kwa pansi, tsiku ndi tsiku, kwa zaka makumi. Ndi kuchokera m'mabuku otere momwe tinadziwira kuti dziko la Zambia latentherako ndi madigiri oposa 1 kuyambira 1960.

Dzuwa lenilenilo silinasinthe kayendedwe. Lusaka ali pa madigiri 15 ndi kanthu kum'mwera kwa ikweta, choncho usana wa Juni, womwe ndi waufupi kwambiri, umakhala maola 11 ndi mphindi pafupifupi 12. Kusiyana kwake ndi wa Disembala sikukwana maola 2. Ku London kusiyanaku kumaposa maola 8. Kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa limafika paliwombo penipeni masana, moti mtengo wa magetsi umaima pa chithunzithunzi chake. Pakati pa masiku awiriwa limadutsa cha kum'mwera. Miyezi ina yonse limapendekera kumpoto, n'chifukwa chake amisiri oika sola amayang'anitsa mapanelo kumpoto. Palinso kanthu kena kamene odzuka m'mamawa amakadziwa bwino: kumacha msanga kwambiri kumapeto kwa Novembala, osati pa Khirisimasi, ndipo kumachedwa kuda kwambiri cha pakati pa Januwale. Akuluakulu amakumbukiranso za pa 21 Juni 2001, tsiku lalifupi pachaka, pamene kadamsana anadetsa mzinda wonse kwa mphindi zitatu chakumasana, alendo a m'maiko akutali atadzaza m'mahotela.

Tsono popeza kuzizira kwa Disembala ndi Januwale kumachokera ku mvula, zaka zimene miyeziyi inatentha ndi zaka zimene mvula inakana. Mbiri ya dzinja lotentha ku Lusaka ndi mbiri ya chilala. Mu 1991/92, boma la a Frederick Chiluba litangolowa kumene, chilala cha El Niño chinaumitsa chimanga m'munda, ndipo anthu anadya nsima yachikasu ya chimanga chochokera kunja. Chilala chinabweranso mu 2015/16 ndi mu 2018/19, madzi a m'damu lopangira magetsi la Kariba atatsika, magetsi n'kumazimazima. Koma chimene chidakali m'mitima ndi 2023/24. Kuyambira kumapeto kwa Januwale ng'amba inagwira kwa masabata angapo, pa nthawi yomwe dzuwa linali paliwombo ndipo chimanga chinkamasula. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi: mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga anali atapserera, m'maboma 84 mwa 116. Pofika Okutobala wa chaka chimenecho, mabanja ambiri mu Lusaka ankaona malaiti maola atatu okha pa tsiku, mafiriji ali zii, mapampu a madzi ataima, aliyense akuphikira pa mbaula.

Apa mpamene mtima umandiwawa. Malasha a pa mbaulapo ndi mitengo ya ku Chongwe, Mumbwa ndi Chibombo, yomwe imalowa mumzinda pa njinga ndi pa malole usiku ndi usana. Mumzinda mwenimwenimo, mayadi akale a ku Woodlands ndi Kabulonga akugawidwa, mitengo ikugwa kuti pamangidwe mafulati ndi mashopu, mabwalo akuyalidwa simenti. Nkhalango ya Forest 27 kum'mawa kwa mzinda, kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, inadulidwa mapuloti, anthu akudandaula. Mzinda womwe kalembera wa 2022 anaupeza ndi anthu oposa 2 miliyoni ukudzichotsera wokha chimene chinkauziziritsa.

Ndipo dzinja likabwera ndi mphamvu, Lusaka salilandira bwino. Mzindawu wakhala pa thanthwe la laimu, pamalo athyathyathya, moti madzi sathamanga. Komboni ya Kanyama inamira mu 1978, ndipo imasefukirabe pafupifupi chaka chilichonse. Mu Januwale 2024, ng'amba ija isanayambe, kolera anali atadzaza odwala m'bwalo la masewera la National Heroes, ndipo sukulu zinakhala zotseka mpaka pa 12 Febuluwale.