Comedores populares

Comedores populares ndi malo ophikira pamodzi amene amayi a m'madera osauka a mzinda wa Lima, ku Peru, anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mitengo ya zakudya itakwera. Amayi amasonkherana ndalama, kupikula mpunga, mbatatesi ndi nyemba, n'kumaphika mosinthana. Mbale imagulitsidwa motchipa. Amene waphika tsikulo amatengerako banja lake chakudya, ndipo okalamba ndi odwala kawirikawiri amadya ulere. Phindu lenileni lagona pa kugula zambiri nthawi imodzi ndi kusonkha moto umodzi m'malo mwa makumi.

Malowa anachuluka kwambiri mu 1990, boma la Alberto Fujimori litasiya kuletsa kukwera kwa mitengo. Chaka chotsatira lamulo linawazindikira ngati mabungwe oyenera thandizo la boma, ngakhale thandizolo silinkakwanira. Ntchitoyi inali ndi zoopsa zake: zigawenga za Sendero Luminoso zinkadana ndi atsogoleri a amayiwa, ndipo mu February 1992 zinapha mmodzi wa iwo, María Elena Moyano, ku Villa El Salvador, dera lina la Lima.

Kulima ndiwo zophika m'malowa n'kovuta: Lima ali m'chipululu, mvula siigwa kwenikweni, choncho dimba limalira madzi otunga ndi manyowa ambiri. Komabe ku Villa María del Triunfo, dera lina la mzindawu, anthu amalima ndiwo zamasamba pamchenga, zina n'kupita kumiphika ya gulu.

Mu 2020, nthawi ya COVID-19, miphika ina yotchedwa ollas comunes inafala m'mapiri ozungulira mzindawo, yambiri ikuphikidwa pa nkhuni.