Mbusa wotumidwa: mawu a Amethodist m'munsi mwa phiri la Mulanje

Munthu wa ku Migowi kapena ku Chiringa akamva za mlaga amadziwa kuti nkhani ndi ya CCAP, akamva za mphakati amadziwa kuti ndi Akatolika. Iyi ndiyo mipingo imene inazika mizu kalekale m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Amethodist ndi ochepa m'Malawi muno, koma nawonso ali ndi mawu awoawo a mumpingo. Mawuwo ukawatsata bwino onse amaloza kumodzi: mbusa wawo ndi munthu wotumidwa, ndipo mpingo unakonzedwa kuti uziyenda ngakhale iye palibe.

Zinayamba ndi John Wesley, wansembe wa Anglican amene anabadwira ku Epworth, ku England, m'chaka cha 1703. Ali ku yunivesite ya Oxford, iye ndi mng'ono wake Charles pamodzi ndi anzawo ankapemphera, kusala kudya ndi kuyendera akaidi motsata ndondomeko yokhwima. Ophunzira anzawo anawapatsa dzina lowaseka loti Methodist, anthu a ndondomeko, ndipo dzinalo linakhala. Kuyambira 1739 Wesley anayamba kulalikira pabwalo, kwa anthu a m'migodi ndi amphawi amene sankaponda m'tchalitchi. Pofika 1791, chaka chimene anamwalira, anali atayenda makilomita pafupifupi 400,000, ambiri mwa iwo pa kavalo.

Mayendedwe amenewo ndiwo anabala mawu akuti circuit. Ndi gulu la mipingo ingapo imene mbusa mmodzi amaizungulira. Ku England kunali kavalo, kuno ndi njinga yakapalasa, kabaza kapena miyendo. Mbusa wokhala ndi mipingo isanu ndi umodzi m'dera ngati la Phalombe Lamulungu lino ali pachidikha, lamawa ali mphepete mwa phiri, ndipo mpingo wina ukhoza kutha mwezi wathunthu osamuona. Nyengo ya dzinja mitsinje yotsika m'phiri ndiyo imalamula ulendo. Anthu a kuno sanaiwale napolo wa mu Marichi 1991, kapena namondwe Freddy wa mu Marichi 2023, pamene midzi ya kwa Nkhulambe inakhala masiku osafikika pa msewu.

Ndiye mbusa akakhala kutsidya, guwa limatsala ndi yani? Apa ndi pamene pamabwera mlaliki wa pamalo. Ameneyu ndi mkhristu wosadzozedwa, mlimi wa nandolo kapena mphunzitsi wa kupulayimale, amene anayesedwa ndi kuvomerezedwa kuti azilalikira. Salandira malipiro, sasamutsidwa, koma maulaliki ambiri a mu circuit amachokera pakamwa pake.

Pansi pa mpingo pali kalasi. Si ya sukulu ayi, ndi kagulu ka akhristu pafupifupi 12 okumana sabata iliyonse. Chiyambi chake chinali ngongole. M'chaka cha 1742 Amethodist a ku Bristol ankafuna kubweza ndalama zomangira nyumba yawo yopemphereramo, choncho anagawana m'timagulu kuti mtsogoleri azitolera kakobiri kwa aliyense sabata ndi sabata. Potolerapo atsogoleriwo anayamba kupeza odwala, olowerera ndi mabanja osamvana, ndipo Wesley anaona kuti ubusa weniweni wapezeka pamenepo. Membala aliyense ankapatsidwa tikiti miyezi itatu iliyonse yosonyeza kuti akuyenda bwino. Wa ku mlaga kapena ku mphakati sangadabwe ndi kalasi: mtsogoleri wake ndiye amayamba kumva za matenda, ndiye amathamanga kukadziwitsa abusa za maliro, ndiye amakonza zogona pasiwa.

Palinso steward, mdindo wosunga chuma. Iye amawerenga chopereka ndi chakhumi, amalandira za masika, ndipo amaonetsetsa kuti kunyumba ya abusa moto ukuyaka. Kumudzi thandizo la mbusa nthawi zambiri limabwera m'matumba ndi m'madengu: chimanga, nandolo, chinangwa, nkhuku. Chaka cha njala mbusa amamva njala pamodzi ndi nkhosa zake.

Pamwamba pa zonsezi pali msonkhano wa pachaka, umene Wesley anauyamba mu 1744. Mipingo ina imadziitanira yokha mbusa, koma kwa Amethodist mbusa amachita kuikidwa chaka ndi chaka, ndipo podzozedwa amalonjeza kupita kulikonse kumene watumidwa. Chikalata cha Wesley cha 1784 sichinkalola mlaliki kupitirira zaka zitatu pamalo amodzi. M'nthambi zokhala ndi bishopu, monga United Methodist ndi African Methodist Episcopal (AME), bishopuyo ndiye amawerenga mayina ndi malo. Mawu amodzi amasokoneza anthu ozolowera CCAP: kumeneko elder, mkulu wa mpingo, ndi munthu wamba wosankhidwa, pamene m'nthambi ziwirizi elder ndi mbusa wodzozedwa amene amabatiza ndi kudyetsa mgonero.

Chimethodist chinalowa m'dziko muno m'manja mwa Amalawi apaulendo. Hanock Msokera Phiri analowa mpingo wa AME akugwira ntchito ku South Africa, ndipo mu 1924 anabwerera kwawo ku Kasungu ali mbusa n'kuyamba mpingo ndi sukulu. Mwana wa m'banja lake, Hastings Kamuzu Banda, anapita ku Wilberforce, ku Ohio, mu 1925 ndi thandizo la mpingo womwewo. United Methodist inayamba kuno m'ma 1980, inalandiridwa ngati msonkhano wa umishoni mu 2008, ndipo kwa zaka zambiri inkayang'aniridwa ndi Bishopu Eben Nhiwatiwa wa ku Harare.

Mtolo wa kutumidwa umagwera kwambiri banja. Wesley mwiniwake anakwatira Mary Vazeille mu 1751, koma sanachepetse maulendo ake, ndipo patapita zaka mkaziyo anachoka. Sukulu ya Kingswood, imene anaitsegula mu 1748, inadzakhala ya ana aamuna a alaliki oyendayenda, chifukwa mwana wosamuka kawirikawiri maphunziro ake amaduka. Vutoli lilipobe: mwana wa abusa akhoza kuyamba Sitandade 1 boma lina, mayeso a Sitandade 8 n'kukalembera boma lina.

Amayi busa alibe satifiketi ya udindo wawo, komanso salandira kanthu, koma ntchito imawapeza tsiku lomwelo akutsitsa katundu. Amayembekezeka kutsogolera amayi anzawo pamapemphero a m'kati mwa sabata, kulangiza atsikana ndi akwati, kuphikira alendo obwera osalawira, ndi kukhala pafupi ndi namfedwa. Mavalidwe awo ndi khalidwe la ana awo zimakambidwa pachitsime. Masiku ano mbusa akhozanso kukhala mayi, popeza Amethodist a ku America anapatsa amayi ubusa wathunthu mu 1956, ndipo zikatero bambo ndi amene amatsatira.

Ku Phalombe nkhaniyi imalemera mwanjira ina. Pakati pa Alhomwe mwambo ndi chikamwini: munda ndi wa mkazi, mwamuna amakamanga kuchikazi, ana ali m'manja mwa atsibweni awo. Mkazi wokwatiwa ndi mbusa wotumidwa amasiya munda wa amayi ake, chinthu chimene akazi anzake sachita, n'kumakhala m'nyumba ya mpingo, kulima munda wobwereka. M'boma limene malo ndi ochepa ndipo anthu ndi ambiri, munda wosiyidwa suchedwa kupeza wolima. Mbusa akapuma pantchito nyumba ya mpingo imatsalira womulowa m'malo, ndipo banjalo limabwerera kwawo kwa amayi busa kukafunsa mwinimbumba ndi amfumu ngati gawo lawo la munda likadalipo.