Gyeongju, Mzinda wa Manda a Mafumu

Mlendo akafika mumzinda wa Gyeongju, kummwera chakuvuma kwa dziko la South Korea, amayamba wadabwa ndi timapiri ta udzu wobiriwira timene taima pakati pa nyumba ndi misewu ngati zulu zikuluzikulu. Timapirito si tachilengedwe ayi. Ndi manda a mafumu a Silla, ufumu umene likulu lake linali pamenepa kufikira m'chaka cha 935, pamene mfumu Gyeongsun inaupereka kwa Wang Geon wa ku Goryeo popanda kuponya mkondo.

Zambiri zimene mafumuwa ankanyadira zinatha ndi moto. Nsanja yaitali yamatabwa ya pakachisi wa Hwangnyongsa anaitentha ndi ankhondo a ku Mongolia m'chaka cha 1238, ndipo lero mlendo amangoona miyala ya maziko paudzu. Kachisi wa Bulguksa, amene anayamba kumangidwa mu 751, nayenso anapsa pankhondo ya Ajapani ya m'zaka za m'ma 1590. Nyumba zake ndi zomangidwanso, koma nsanja ziwiri zamiyala ndi zomwe zija.

Chimene chinapulumuka kwenikweni ndi chuma cha akufa. Anthu a ku Silla ankagoneka mfumu m'chipinda cha matabwa, n'kuunjikapo miyala yambirimbiri ya kumtsinje, kenaka dothi, osasiya khomo. Matabwa akawola, miyala ija inkagumukira m'kati, motero mbala zinkasowa polowera. N'chifukwa chake akatswiri atafukula manda a Cheonmachong mu 1973 anapeza chisoti chaufumu chagolide chili chikhalire, pamodzi ndi chithunzi cha kavalo woyera chojambulidwa pakhungwa la mtengo. Mandawo anawatsegula kuti alendo azilowamo, koma dzina la mwini wake silidziwika mpaka lero.