Kusankha zipangizo zomalizitsira nyumba yatsopano

M'madera amene mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba ikukulira muli nyumba zambiri zimene zidafika padenga kalekale, koma eni ake sadalowemobe. Makoma adaima, malata adakhomedwa, koma mawindo ndi otseka ndi njerwa ndipo pabwalo pamera udzu. Kawirikawiri chimene chimaimitsa ntchito pamenepa n'chakuti womanga amawerengera simenti, mabuloko ndi malata, n'kuiwala kuti kumalizitsa nyumba nakonso kumadya ndalama zochuluka.

Ntchito yomalizitsa ili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi ya zinthu zomangirira kunyumba, monga mipopi, masinki, chimbudzi, masoketi, zitseko ndi makabati. Yachiwiri ndi ya zophimba ndi kuteteza nyumba, monga matailosi, penti ndi siling'i. Yachitatu ndi ya zipangizo zogwiritsa ntchito, monga kuka, firiji ndi giza. Zambiri mwa zinthuzi zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsata mphamvu ya kwacha. Ndalamayi itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti za anthu ambiri omanga zidasokonekera. N'chifukwa chake kusankha kolakwika pagawoli kumapweteka kawiri, pogula ndi podzakonzanso.

Kusankha kuyambe pulasitala asanapakidwe

Mapaipi ndi mawaya amadutsa m'kati mwa makoma ndi pansi, motero malo a sinki, shawa, kuka ndi giza ayenera kudziwika pulasitala asanapakidwe. Munthu amene wasintha maganizo matailosi ataikidwa kale amalipira ntchito yogumula ndi yomanganso. Mwachitsanzo, zimbudzi zamadzi zilipo za mitundu iwiri: china chimatulutsira zoipa pansi, china kukhoma. Paipi ikaikidwa pansi koma chimbudzi chogulidwa n'chotulutsira kukhoma, pulambala amakakamizika kulumikiza mokhotakhota, ndipo pamalo otero ndi pamene pamayambira kudontha ndi fungo.

Njira yabwino ndiyo kuyenda chipinda ndi chipinda pamodzi ndi mmisiri, wamagetsi ndi pulambala, n'kulemba ndi choko pakhoma pamene chinthu chilichonse chidzakhale. Ngati ndalama zili zochepa, zoyamba kugula zikhale zimene zimakwiriridwa, chifukwa chogwirira cha kabati chimasinthidwa tsiku lililonse, pomwe waya wa m'khoma amakhala momwemo zaka makumi angapo.

Magetsi

Magetsi a m'nyumba m'dziko muno ndi a mphamvu ya mavoti 230, ndipo masoketi ake ndi a mano atatu amakona, ofanana ndi a ku Britain. Chipangizo chogulidwa ku South Africa nthawi zambiri chimabwera ndi pulagi ya mano obulungira, ndipo n'kwanzeru kusintha pulagiyo kusiyana n'kudalira adaputa, imene imatha kutentha pa zipangizo zokoka magetsi ambiri. Katundu wochokera ku America kapena ku Japan amatha kukhala wa mavoti ochepa, ndipo amapsa akalumikizidwa mosayang'ana.

Kukula kwa waya kumatengera ntchito yake. Mwachizolowezi, mababu amagwiritsa ntchito waya wa 1.5mm, masoketi wa 2.5mm, pomwe kuka imafuna waya wakewake wa 6mm kapena kuposerapo. Waya wotsika mtengo amene m'kati mwake muli kopa wochepa amatentha akalemedwa, ndipo moto wotere umayambira m'siling'i momwe munthu saona. Bokosi logawa magetsi liyenera kukhala ndi chozimitsa chimene chimadula magetsi chokha akayamba kudutsa pamalo olakwika, komanso nyumba ikhale ndi waya wolowa m'nthaka. Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa amisiri oika magetsi, ndipo mwininyumba ali ndi ufulu wopempha kuona chiphasocho ntchito isanayambe. Wofuna kudzaika makina aakulu afunse msanga ku ESCOM ngati akufunika magetsi a mafezi atatu.

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga malo a Kapichira mu January 2022, kuzima kwa magetsi kudatenga miyezi yambiri. Nyumba yatsopano imangidwe moganizira zimenezi. Mawaya a mababu, firiji ndi wailesi yakanema akhale pagulu lawolawo, kuti tsiku lina invetala kapena sola idzalumikizidwe popanda kuswa khoma. Pakhalenso siwichi yosinthira, kuti magetsi a jenereta asabwerere m'mawaya a kunja, momwe angaphe munthu amene akukonza nthambo. Popeza Malawi ili kummwera kwa equator, mapanelo a sola amagwira bwino ntchito akayang'ana kumpoto, ndipo mbali imeneyo ya denga isaphimbidwe ndi mitengo kapena thanki.

Madzi

Mapaipi achitsulo akale amachita dzimbiri m'kati, madzi n'kumatuluka ofiira ndiponso ochepa. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito mapaipi apulasitiki a PPR, amene amapirira madzi otentha, pomwe a PVC a mamilimita 110 ndiwo amanyamula zoipa za m'chimbudzi. Makoma asanatsekedwe, mapaipi onse adzazidwe madzi n'kusiyidwa kuti ngati pali podontha paoneke. Bafa ndi khitchini zikhale ndi potsekera madzi pawokha, kuti mpopi umodzi ukaonongeka nyumba yonse isakhale pouma.

Mphamvu ya madzi imasiyana malo ndi malo. Mbali yaikulu ya madzi a mumzinda wa Blantyre imapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire kukwera mtunda, ndipo madera okwera amatha kulandira madzi ofooka. Mipopi ndi mashawa ena amakono adapangidwira madzi amphamvu, ndipo pamadzi ochokera m'thanki amangodontheza. Wogula afunse za chimenechi asanapereke ndalama. Thanki nayo imafuna nsanja yolimba, pakuti malita 1,000 a madzi amalemera tani imodzi, ndipo thanki ya malita 5,000 ikagwa imatha kugumula mpanda kapena kupha munthu.

Chimbudzi cha mabatani awiri chimatulutsa malita 3 kapena 6, pomwe zambiri zakale zimatulutsa malita 9 kapena kuposa. Ngati pakhomo pamagejemulidwa maulendo 30 patsiku, kusiyana kwa malita 3 okha paulendo kukupereka malita 2,700 pamwezi. Chofunikanso ndicho kusankha mtundu umene zida zake za m'kati zimapezeka m'mahadiweya a m'dziko muno.

Pansi ndi makoma

Matailosi alipo a ceramic ndi a porcelain. A porcelain ndi olimba ndipo samwa madzi kwenikweni, choncho amayenera pakhonde ndi pamalo podutsadutsa anthu, ngakhale ali okwera mtengo komanso ovuta kudula. Matailosi a pakhoma ndi opyapyala ndipo saikidwa pansi. M'bafa ndi pakhonde pamafunika okhakhala, chifukwa onyezimira amaterera akanyowa, ndipo amene amavulala kwambiri ndi ana ndi okalamba. Pansi pa shawa papendekeke pang'ono kulowera kumene madzi amatulukira.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chipinda cha mamita 4 mulitali ndi mamita 3 mulifupi chimafuna matailosi 34 a masentimita 60 mbali zonse. Poonjezerapo 10 peresenti ya oduka ndi osweka, chiwerengero chimafika 38. Onse agulidwe nthawi imodzi ndipo nambala ya pamakatoni ifanane, popeza matailosi a dzina limodzi opangidwa nthawi zosiyana amasiyana mtundu pang'ono. Katoni imodzi isungidwe kuti idzathandize pokonza. Amene ndalama zawathera asachite manyazi ndi pansi pa simenti yosalaza bwino yothira okusaidi wofiira, pakuti pamakhalitsa ndipo matailosi angadzaikidwe pamwamba pake mtsogolo.

Pulasitala watsopano amafuna pafupifupi milungu inayi kuti aume. Penti yopakidwa pakhoma lachinyezi imatupa n'kuyamba kusupuka mvula yoyamba isanathe. Penti yoyambira isadumphidwe, chifukwa ndiyo imagwirizanitsa khoma ndi penti yomaliza. Penti yamadzi imayenera makoma ndi siling'i, yamafuta imayenera zitsulo ndi matabwa, ndipo kunja kumafunika yopirira dzuwa ndi mvula. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, komwe chiperoni chimanyowetsa makoma m'nyengo yozizira, nkhungu imamera msanga pa penti yosayenera. Penti ina yamafuta imakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa ana, kotero wogula ayang'ane chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi mawu osonyeza kuti mulibe mtovu.

Denga, zitseko ndi mawindo

Pa malata, nambala ya geji ikakhala yaying'ono ndiye kuti lata ndi lochindikala: la geji 28 ndi lolimba kuposa la 30 kapena 32. Kusiyanaku sikuoneka bwino ndi maso, ndipo n'koyenera kuti geji ilembedwe palisiti. Matabwa a paini, ngati ochokera ku Chikangawa, ndi opepuka ndiponso osavuta kukhoma, koma chiswe chimawakonda, choncho ayenera kukhala ouma ndi opaka mankhwala. M'siling'i musiyidwe kachitseko kolowera, kuti mawaya ndi mapaipi azitha kuyang'anidwa.

Zitseko za kunja zimafuna matabwa olimba monga mlombwa kapena mbawa, kapena chitsulo, pomwe zitseko zopepuka za m'kati mopanda kanthu n'za zipinda zokha ndipo zimafufuma zikanyowa. Thabwa losauma limapindika pakatha miyezi yochepa, chitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Chitseko cholemera chikhale ndi mahinjesi atatu. Mafelemu achitsulo amafuna penti yoletsa dzimbiri asanaikidwe, pomwe a aluminiyamu sachita dzimbiri koma ndi okwera mtengo.

Zitsulo zotchinga mbava m'mawindo zimateteza, komanso zimatha kutsekera banja m'nyumba moto ukabuka. Nyumba ikhale ndi makomo awiri otulukira, ndipo kumbali ya zipinda zogona kukhale windo limodzi limene zitsulo zake zimatseguka kuchokera m'kati. Sefa wotchinga udzudzu pamawindo ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi chithandizo cha malungo. M'madera otentha monga Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga, mawindo oyang'anizana, siling'i yotalika ndi denga la mtundu wowala zimachepetsa kutentha popanda kulipira magetsi.

Khitchini ndi zipangizo zake

Mtengo weniweni wa chipangizo ndi wa m'sitolo kuphatikiza mayunitsi amene chidzadye. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Giza ya mawati 3,000 ikatenthetsa madzi maola awiri imadya mayunitsi 6. Mababu khumi akale a mawati 60 akayaka maola asanu amadya mayunitsi atatu, pomwe a LED a mawati 9, owala mofanana, safika ndi theka la yunitsi. Apa zikuonetsa kuti zimene zimatha magetsi ndi zotenthetsa, ndipo giza ya sola, ngakhale ili yodula pogula, imabweza ndalama zake m'kupita kwa nthawi.

Mabanja ambiri a m'tauni amasankha kuka yophatikiza gasi ndi magetsi, kuti nsima ipse ngakhale magetsi atazima. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo akatuluka amasonkhana pansi. Silinda iime chilili pamalo podutsa mphepo, makamaka m'kachipinda ka kunja kokhala ndi mabowo m'munsi. Mbaula yamakala isayatsidwe m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wake wosanunkha umapha anthu ali m'tulo. Khitchini ya panja ilowe m'pulani kuyambira pachiyambi.

Makabati apangidwe miyeso ya firiji ndi kuka itadziwika kale, ndipo kuseri kwa firiji kusiyidwe mpata wotulukira kutentha. Thebulo la khitchini limakhala pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi. Mabolodi a utuchi wopanikiza amafufuma akakhudzana ndi madzi, choncho pansi pa sinki pamayenera thabwa lenileni kapena konkire. Firiji ndi wailesi yakanema zikhale ndi kachipangizo koziteteza ku magetsi obwera mwamphamvu akangoyaka.

Pogula ndi polipira

Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mpopi wonyezimira ukhoza kukhala wa chitsulo chosachedwa kuthetheka, ndipo kulemera kwake m'manja kumanena zambiri kuposa kuwala kwake. Mitengo ifunsidwe m'masitolo atatu pa katundu wofanana dzina ndi muyeso. Lisiti ndi pepala la chitsimikizo zisungidwe, ndipo makatoni atsegulidwe wogulitsa ali pomwepo. Chipangizo chamagetsi chisagulidwe nyumba ikadali kutali kutha, chifukwa nthawi ya chitsimikizo imatha chili m'katoni.

Mgwirizano ndi mmisiri ulembedwe, usonyeze ntchito, mtengo ndi nthawi, ndipo malipiro aziperekedwa gawo ndi gawo ntchito ikaonedwa. Makontilakitala amalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno, pomwe mapulani amavomerezedwa ndi khonsolo. Kuona nyumba imene mmisiri adamaliza zaka ziwiri zapitazo kumathandiza kuposa kumva zimene akulonjeza. Kagawo ka malipiro omaliza kasungidwe kufikira mipopi yonse itatsegulidwa, masoketi atayesedwa, ndipo ngati n'kotheka, denga litaona mvula.

Banja limene lathedwa mphamvu likhoza kumaliza bwino bafa, khitchini ndi chipinda chimodzi, n'kulowa, ndalama ya lendi n'kumapita ku zipinda zotsala. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Chachikulu n'chakuti mawaya, mapaipi ndi denga zikhale zolongosoka kuyambira tsiku loyamba, popeza zina zonse zingathe kudikira.